Kukhitchini Kuli Zonse

A Sikelo anali munthu wosapusitsika, kapena tinene kuti eni ake ndi mmene ankadzionera. Zaka makumi atatu ndi zinayi anazungulira m'masitolo ndi m'mabutchala kuyesa ndi kukonza masikelo, mpaka dzina la ntchitoyo linawakanirira, la makolo n'kungotsalira pa chiphaso. Ntchito imeneyi inawasiyira khalidwe limodzi lotopetsa anthu, kufunsa. Akamagula mankhwala ankawerenga timalemba tonse ta kuseri kwa botolo, anthu ali pamzere kumbuyo kwawo akung'ung'udza. Ndiye ana atagwirizana zotumiza makolo awo kutchuthi pachilumba china, a Sikelo anakanitsitsa kuti mwana aliyense awakonzere malo ogona. Anaimba okha foni kwa mayi mwini malowo, kope ndi cholembera zili pabondo.

Anafunsa kuti masitepe olowera m'nyumba ndi angati. Anafunsa kutalika kwa bedi, anafunsa ngati m'bafa mumaterera, anafunsa mtunda wochokera padoko kukafika kuchipatala. Mayi uja anayankha zonsezi mosatopa. Pomaliza anafunsa za chakudya.

"Musadandaule bambo," anatero mayiyo. "Nyumba iliyonse ili ndi khitchini yakeyake, ndipo kukhitchini kuli zonse."

"Zonse?"

"Zonse, bambo. Simukasowa kanthu."

A Sikelo analemba mawuwo m'kope, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Anatseka kope mtima uli m'malo. Funso limodzi lokha limene linali lofunikadi sanalifunse.

Nkhani ya chakudya inali yaikulu chifukwa cha akazi awo, amake Nesi. Mayi ameneyu anali wophika. Anaphikira ana a sukulu yogonera komweko zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, ana mazana anayi katatu patsiku, ndipo akaweruka ankafikira m'khitchini ya kunyumba ngati tsiku likuyamba kumene. Anali mayi wa mawu, wolalatira mapoto ndi anthu mosasankha. Kenaka sitiroko inawagwetsa, n'kuwasiyira dzanja lamanja lolemera, zala zopindikira mkati, ndi lilime lochedwa pang'ono. Atatuluka m'chipatala sanagonje, ankalimbana nazo ndi dzanja lamanzere. Koma m'mawa wina a Sikelo, maso ali panyuzipepala, anaitanitsa tiyi monga ankachitira zaka zonse za ukwati wawo. Anangomva chiphokoso. Atathamangira anapeza ketulo ili pansi, madzi owira atakhuthukira paphazi la akazi awo.

Chilondacho chinapola patatha milungu isanu ndi umodzi. Mwana wawo woyamba, amene anamutcha Nesi akadali kamwana chifukwa chomanga zidole mabandeji, n'kudzakhaladi nesi atakula, ndiye ankachitsuka. Ndi yemweyonso amene anaika lamulo lakuti mayi asapondenso kukhitchini. Analemba ntchito mayi wina woti aziphika, n'kugulira mayi ake mpando wabwino wa pakhonde. Amake Nesi anaukhala mpandowo miyezi khumi. Mawu anayamba kuchepa, mbale inayamba kubwerera ndi chakudya, madiresi anayamba kukhwepa. Dokotala anayeza apa ndi apo, sanapeze kanthu, anangoti mwina akapitidweko mphepo ina.

Tsiku la ulendo, Nesi anakokera bambo ake pambali padoko.

"Bambo, ndikukudziwani, mumagonja msanga. Mayi asakagwire poto. Asakagwire mpeni. Lonjezani."

"Ndalonjeza. Ndipo palibe chifukwa choti akagwire. Kumeneko kuli zonse, ndinafunsa ndekha."

Boti linayenda maola atatu. Anafika dzuwa lili pamutu, kutentha konyowa kuja kumene malaya amakanirira kumsana munthu usanayende n'komwe. Mayi mwini malo anawachingamira ali ndi njinga ndi chipewa chachikulu cha mlaza. Anali wamfupi, wamanja olimba, wokonda kuseka. Anakweza sutikesi panjinga n'kuwatsogolera pakanjira kamchenga kodutsa pakati pa mitengo ya kokonati, mpaka anafika pa tinyumba tisanu ndi kamodzi topaka laimu, tondondozana moyang'ana kunyanja. Yawo inali yachinayi. Masitepe anali awiri monga anauzidwa, ndipo a Sikelo anawawerenga mokhutira.

Mkati munali chipinda chogona, bafa, tebulo ndi mipando iwiri. Kumanzere kunali khomo lopanda chitseko, lotchingidwa ndi katani ya tizigoba ta m'nyanja totungidwa pa ulusi. Mayi uja anakankha katani, tizigoba tinalira.

"Nayi khitchini yanu."

Munalidi zonse. Mapoto anayi atapachikidwa kuyambira laling'ono mpaka lalikulu. Chiwaya, ketulo, sefa, thabwa lodulirapo, mbale zoyera, makapu. Sitovu ya gasi ya maso awiri. Mipeni isanu ili ndondondo pakachitsulo ka maginito kukhoma. Pakona firiji inkangolira yokha. A Sikelo anaitsekula, munali botolo la madzi basi.

"Ophika amabwera nthawi yanji?" anafunsa.

Mayi uja anaseka. Ataona kuti akuseka yekha, anasiya.

"Ophika ndinu, bambo. Kuno n'kodziphikira. Sitolo ili kumapeto kwa msewu, asodzi amagulitsa nsomba m'mawa pafupi ndi doko."

"Koma munati kuli zonse."

"Zonse zophikira, bambo."

Munthu amene anagwira mabutchala ambirimbiri akubera pasikelo anali atagwa ndi liwu limodzi. Anafunsa za malo odyera. Analipo amodzi, kuseri kwa chilumba, kokwera phiri, ndipo miyezi imeneyo anali otseka chifukwa alendo anali ochepa. Anafunsa ngati mayiyo angawaphikireko. Mayiyo anati iye mwini amakhalira buledi ndi tiyi, mwamuna wake malemu ndi amene ankadziwa kuphika, ndipo akawaphikira angathawe pa boti la mawa lomwe. Boti la mawa kunalibe, lotsatira linali la pakatha masiku asanu ndi limodzi.

Nthawi yonseyi amake Nesi anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja lamanzere litagwira mphuthu. Sankamvetsera mkanganowo. Maso awo ankayenda pamapoto, pachiwaya, kenaka anaima pamipeni. A Sikelo anawaona masowo n'kufulumira kuwachotsa pakhomopo.

"Tiyeni mukagoneko pang'ono, amake Nesi. Mwatopa ndi mafunde."

Anapita osatsutsa. Masiku amenewo sankatsutsa chilichonse.

Atangomva kuti akazi awo agona, a Sikelo anavula nsapato n'kulowa kukhitchini monyang'ama, atagwira tizigoba tija kuti tisalire. Anakanula mipeni inayi kukhoma, anatenga ndi machesi, n'kukulunga zonse m'thaulo. Mtolowo anaubisa pansi penipeni pa sutikesi, kunsi kwa nsapato zawo zachikopa. Kampeni kakang'ono ndi bokosi limodzi la machesi anaika m'thumba la buluku. Anapukuta thukuta akudziuza kuti achita zanzeru.

Kuphika anakuyamba madzulo omwewo. Tisabise, a Sikelo anali asanaphikepo chiyambire. Anachoka m'manja mwa mayi awo n'kugwera m'manja mwa akazi awo, osapondako pansi. Koma ankakhulupirira kuti chilichonse chili ndi muyeso wake, ndipo munthu wodziwa kuyeza sangalephere. Anawerenga malangizo a papaketi ya mpunga kawiri konse. Anayeza mpunga ndi kapu, n'kusalaza pamwamba ndi chala. Anayeza madzi, anayang'ana wotchi. Mpungawo unapserera pansi, pamwamba uli wauwisi, pakati pali phala. Tsiku lachiwiri anakazinga mazira, n'kuwachotsa m'chiwaya ndi supuni ngati akupala penti. Shuga anaiwala kuvundikira, nyerere zinachita phwando. Nsomba anaiona pamsika, ikuwayang'ana ndi diso limodzi, anailambalala n'kukagula ya m'chitini.

Amake Nesi ankakhala pakhonde. Mpando wake unali wina koma kakhalidwe kanali komwe kaja, dzanja lodwala lili pamiyendo, lamanzere litaliphimba. Kutsogolo kwawo kunali nyanja yobiriwira, ngalawa za asodzi, nkhanu zikuthamangitsana pamchenga. Kumbuyo kwa mutu wawo kunali windo la khitchini. A Sikelo ankaganiza kuti akazi awo akuonera nyanja.

"Moto wachuluka," anamva mawu kuchokera pakhonde tsiku lachiwirilo, mwini mawu osatembenuka n'komwe.

"Pumulani, amake Nesi. Zonse zili bwino kuno."

Chakudya chitabwera, amake Nesi anadya masupuni atatu, n'kunena kuti zikomo. Zikomo ameneyo ankawabaya a Sikelo kuposa kulalata. Kale mbale yoteroyo ikanabwezedwa ndi mawu oti anthu a nyumba zitatu amve.

Nesi ankaimba foni tsiku lililonse masana, pa nthawi yake yopuma kuchipatala.

"Chakudya chili bwanji, bambo?"

"Chabwino kwambiri."

"Ophika ake ndi aukhondo?"

"Aa, amasamba m'manja pafupipafupi. Ndimawaona ndekha."

"Mayi akudya?"

"Akuyesa."

Bodza linkawawawa, pakuti sanali munthu wa bodza. Koma ankadzitonthoza kuti lonjezo lenilenilo akulisunga.

Tsiku lachitatu m'nyumba yoyandikana nayo munalowa alendo ena, ndipo chakumasana kunabwera fungo la anyezi wokazinga. Amake Nesi anatukula mutu, mphuno zikugwira ntchito.

"Awo athamanga," anatero pang'onopang'ono. "Athira tomato anyezi asanafiire. Ndiye mafuta achepa. Mumve, akukanda poto. Akapanda kuthira timadzi pompano, apsereza."

Sipanapite nthawi, fungo la chopserera linafika. Amake Nesi anapukusa mutu, pakamwa pakuoneka ngati pakufuna kumwetulira. Anali mawu ambiri kuposa onse amene anayankhula sabata yathunthu. A Sikelo anakondwa, n'kunena mumtima kuti mphepo ya kunyanja yayamba kugwira ntchito. Dokotala uja ndi wodziwa, anatero. Nzeru zina zimachedwa kufika ngakhale kwa anthu a imvi.

M'mawa wa tsiku lachinayi analawirira kusitolo kukagula buledi ndi mazira ena. Pobwera anapeza pakhonde palibe munthu. Analowa m'nyumba akuitana, mawu n'kuwathera pakhomo.

Amake Nesi anali atakhala patebulo. Patsogolo pawo panali thaulo lija, litayalidwa bwinobwino. Pathaulopo panali mipeni inayi, itandandalikidwa kuyambira waukulu mpaka waung'ono, ndi mabokosi a machesi pambali pake. Sutikesi inali chitsekulire pabedi.

"Munaiwala kumwa mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi," anatero. "Ndimawafuna m'sutikesi."

A Sikelo anaika buledi pampando. Amake Nesi analoza mipeniyo.

"Wachisanu uli kuti?"

A Sikelo anapisa m'thumba n'kutulutsa kampeni kaja. Anakaika pathaulo ngati mwana wasukulu amene wagwidwa ndi choko cha aphunzitsi.

"Khalani pansi, bambo a Nesi. Lilime langa n'lochedwa, ndiye musandidule." Anapuma kaye. "Mumaopa kuti ndidzicheka, kapena mumaopa kuti ndidzipha?"

"Amake Nesi! Mawu otani amenewo?"

"Ndikufunsa. Mipeni amabisira anthu awiri, mwana ndi wamisala. Ine ndine uti?"

"Ndinalonjeza mwana."

"Mwana." Anagwedeza mutu. "Miyezi yonseyi ndinkati ndi Nesi. Ndinkati ndi mwana, anaona chilonda, anachita mantha. Ndinkati bambo ake akungomumvera, koma mumtima akundidziwa. Ndinkadikira tsiku loti mudzati, musiyeni mkazi wanga. Lero ndapeza mipeni kunsi kwa nsapato zanu. Nesi kuno kulibe."

A Sikelo anayang'ana pansi. Chimene anachisunga pamtima miyezi khumi chinatuluka chokha.

"Ndine ndinaitanitsa tiyi uja. Ndinakhala pampando ngati bwana, miyendo ndili nayo, manja awiri ndili nawo. Ndinamva ketulo ikugwa. Mpaka lero ndimaimva. Sindingathe kuimvanso kachiwiri, sindingathe."

"Ndiye mlandu ndi wanu, koma kundende kwalowa ine?"

Kunja mafunde ankangomenya. Nalimata anathamanga kukhoma n'kukabisala kuseri kwa kalendala.

"Mukudziwa," anapitiriza amake Nesi, tsopano mofatsa, "tsiku lija mutaitanitsa tiyi, ndinakondwa. Ndinati ayiwala kuti ndikudwala. Ndinanyamuka mtima ukuvina. Ketulo inagwa, inde, phazi linapsa, linapola. Koma limenelo ndi tsiku lomaliza limene munthu anandipempha kanthu. Chiyambire pamenepo n'kungoti pumulani, pumulani. Ndapuma, bambo a Nesi. Kupuma kumene kwatsala ndi kumodzi kokha."

Misozi inatsika koma sanaipukute, dzanja lamanzere linali litagwira m'mphepete mwa tebulo. A Sikelo anachita manyazi amene sanawachitepo moyo wawo wonse. Anafuna kupepesa, koma anaona kuti pepani ndi wopepuka kwambiri pa zimene zanenedwa. Anaimirira, anatenga chipewa, n'kutuluka.

Anayenda osadziwa kolowera. Kuseri kwa nyumba yomaliza anapeza mayi mwini malo ali pamakwerero, misomali ili pakamwa, akukhoma thabwa la windo limene mphepo inakanula. Anamugwirira makwerero osapemphedwa. Anaima pamenepo akuyang'ana mmene msomali umagwirira thabwa kuti lisasunthe, ndipo mutu wa ntchito, umene unagona chipumireni pantchito, unayamba kudzuka. Vuto la akazi awo silinali mpeni. Dzanja lamanzere linkatha kugwira mpeni. Chimene chinasowa ndi dzanja logwira chodulidwacho.

"Mayi, ndibwerekeni hamala, tupa ndi misomali itatu. Yosachita dzimbiri, ngati ilipo."

Mayi uja analavulira misomali m'dzanja. "Mwathyola chiyani m'nyumba mwanga?"

"Sindinathyole. Ndikufuna kuboola thabwa lanu lodulirapo."

"Bambo inu, tsiku lija mumafuna ophika, lero mukufuna kundikhomera misomali m'ziwiya?"

Anamufotokozera zonse, osabisa ngakhale za mipeni. Mayiyo anatsika pamakwerero, anawayang'ana nthawi yaitali, n'kulowa m'kachipinda kosungira zida. Anatuluka ndi misomali yowala ya maboti.

"Thabwalo mukatenge popita kwanu," anatero. "Ndipo mukagule nsomba yeniyeni. Zitini zanu zija ndaziona m'bini, zikuchititsa manyazi chilumba chonse."

A Sikelo anakatenga thabwa kudzera pawindo la khitchini ngati wakuba. Anakhala pansi pa mtengo, analemba madontho atatu ndi cholembera, motalikirana mofanana, pakuti khalidwe silitha. Anakhoma misomali kuchokera kunsi mpaka nsonga zinatulukira pamwamba, kutalika kwa theka la chala. Anazisalaza ndi tupa kuti zibaye anyezi koma zisang'ambe khungu la munthu wongokhudza. Anayesa ndi ndimu, inakhala nji. Kenaka anatsikira kudoko n'kugula nsomba yaikulu yofiira, anapempha msodzi kuti aipale ndi kuitumbula. Anagulanso anyezi, tomato, adyo ndi mandimu.

Atabwerera anapeza akazi awo ali pomwe paja. Anadutsa osayankhula, anawiritsa madzi, anatsuka thabwa ndi misomali yake, anayala kansalu konyowa pashelefu kuti thabwa lisamaterereke. Anabaya anyezi mmodzi pamisomalipo. Kenaka anabwerera kutebulo, ananyamula mipeni yonse isanu n'kukaibwezera kukhoma umodziumodzi. Anakankha katani ya tizigoba n'kuikoleka pambali.

"Amake Nesi," anatero ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. "Ndili ndi njala. Masiku anayi sindinadye chakudya cha munthu. Ndiphikireni."

Amake Nesi anawayang'ana, n'kuyang'ana kukhitchini. Anaimirira pang'onopang'ono, anafika pashelefu. Anagwedeza anyezi uja ndi chala, sanasunthe. Anamugwedezanso mwamphamvu.

"Anyezi amabaya atamusenda kaye," anatero. "Ndiye mwamuika chagada, mizu kumwamba. Zaka zonsezi mumadya chiyani inu, osaona n'komwe?"

"Ndinkangodya."

"Sendani uyu ndi wina. Mukatha mutuluke. Mukakhale patebulo apo."

Anasenda n'kukakhala. Kuchokera patebulo ankaona msana wa akazi awo ndi chigongono chamanzere. Amake Nesi anasankha mpeni wachiwiri kwa waukulu, anauyesa kulemera m'dzanja, n'kuugoneka pa anyezi. Kudula koyamba kunapotoka. Kwachiwiri mpeni unaterereka n'kugunda msomali. A Sikelo anadzuka theka, n'kukhalanso. Anaika manja onse awiri kunsi kwa ntchafu zawo n'kuwakhalira.

Mayi amene ankadula thumba lathunthu la anyezi belu la m'mawa lisanalire anatha mphindi khumi pa anyezi mmodzi. Zidutswa zake zinali zina zazikulu, zina zopyapyala. Anazitukwana pang'ono chapansipansi, n'kubaya wachiwiri. Uyu anayenda bwinoko. Anayatsa sitovu atapanikiza bokosi la machesi ndi mkono wodwala, anathira mafuta osayeza, anadikira akumvetsera, kenaka anakokolera anyezi m'poto. Kulira kwa mafuta kunadzaza nyumba.

"Adyo mwagula wokalamba," anafuula. "Anakuonani kuti ndinu mlendo."

"Pepani."

"Ndiye nsomba iyi anaipala ndani? Mamba ali mbwee kumchira."

"Msodzi."

"Msodzi waulesi."

A Sikelo sanakondwepo ndi kulalatiridwa ngati tsiku limenelo.

Ngozi inachitika pa tomato. Tomato ndi wofewa, misomali sinamugwire bwino, ndiye amake Nesi ananyamula dzanja lodwala lija n'kuligoneka pamwamba kuti lipanikize. Mpeni unaterereka. A Sikelo anamva kampweya kokokera mkati, anaona magazi akudontha pathabwa. Mpando unagwa kumbuyo kwawo, anapezeka ali kale pakhomo la khitchini.

"Khalani pansi."

"Mwadzicheka!"

"Ndaona. Chala n'changa. Khalani pansi, bambo a Nesi."

Anaima pamenepo, phazi limodzi mkati, lina kunja. Thupi lonse linkawauza kuti alande mpeniwo, azimitse moto, awanyamule akazi awo kukawakhazika pakhonde. Amake Nesi sanawayang'anenso. Anatsekula mpopi, anatsuka chala, anachiyang'anitsitsa. Kanali kabala kakang'ono pa chala chamkombaphala. Anang'amba kansalu koyera ndi mano, anakulunga, anamanga mfundo ndi dzanja limodzi ndi mano omwewo. Anatsuka thabwa, anataya tomato wamagazi, anatenga wina.

"Wophika amene sanadzichekepo ndi amene sanaphikepo," anatero. "Anyezi wanga akupserera. Chokani pakhomo, mukutchinga mphepo."

A Sikelo anabweza phazi. Anadzutsa mpando, anakhala. Apa mpamene foni inalira m'thumba. Anayang'ana wotchi, inali nthawi ya Nesi. Anailola ilire kanayi.

"Bambo, mwaswera bwanji? Mwadya kale?"

"Sitinadye. Chakudya chili pamoto."

"Mayi ali pati? Ndiwapatse moni."

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale, lakuti ali kubafa.

"Mayi ako ali kukhitchini. Akuphika. Ndipo adzicheka chala, pang'ono, amanga okha."

Mawu a Nesi anaphulika mpaka a Sikelo anachotsa foni kukhutu. Kodi ophika ali kuti? Kodi malo amenewo ndi otani? Kodi si paja munalonjeza, bambo, padoko paja, mukundiyang'ana m'maso? Nanga akagwetsa poto? Nanga akapsanso, uko kutali, ine kulibe? Munthu ndi dzanja limodzi, mpeni autenga kuti?

"Ndawapatsa ndine."

"Bambo!"

"Kuno kulibe ophika, mwanawe. Kunalibe chiyambire, ndimakunamiza. Lonjezo lija ndaliphwanya, ndipo tikabwera ndidzaliphwanyanso kunyumba. Ukafuna kukalipa, ukalipire ine."

"Mukufuna kuwapha mayi anga?"

Mawu ake anali a munthu amene akulira. A Sikelo anamumvera chisoni, pakuti mantha amenewo ankawadziwa bwino, anali awo omwe. Anangotambasula mkono n'kulozetsa foni kukhomo la khitchini.

Mpeni unkagunda pathabwa, mochedwa, mosalingana, koma osaima. Mafuta ankalira. Pamwamba pa zonsezo panali mawu a amake Nesi, okwera, akudzudzula tomato kuti ndi wamadzi okhaokha, akudzudzula mwini sitolo, akudzudzula ndi munthu amene anapanga poto wa chogwirira chachifupi chonchi ngati iye alibe zala. A Sikelo anagwira foni choncho mpaka mkono unatopa, n'kuibwezera kukhutu.

"Ulipo?"

Anamumva Nesi akumina.

"Ndi mayi amenewo?"

"Ndi iwowo."

Nesi atayankhulanso, mawu ake sanali a nesi, anali a mwana amene wabwera kuchokera kusukulu n'kuponya chikwama pakhomo.

"Akuphika chiyani?"

A Sikelo anatsekula pakamwa, n'kuzindikira kuti sakudziwa. Anamuuza kuti adikire. Anadzuka kukafunsa, ndipo atafika pakhomo la khitchini anaima panja, n'kuodira.